Mipando Isanu ndi Iwiri

Kwawo ankamutcha Nkhutukumve, ndipo dzinali sanapatsidwe ulere, analigwirira ntchito. Ali mwana akamuuza kuti moto umawotcha, ankayamba waugwira kaye kuti atsimikize. Tsopano anali dokotala wa mano, munthu woti mabwana akuluakulu amamuyasamulira kukamwa mwaulemu, koma akalowa m'nyumba ya mayi ake udokotala wonse unkatsala pakhomo pamodzi ndi nsapato.

Loweruka limenelo anafika m'mawa ndi kabuku ka zithunzi za galimoto. Anali atatopa ndi yakale, yogula kwa munthu amene nayenso anagula kwa wina, ndipo tsikulo ankapita kukaitanitsa yatsopano yochokera kufakitale, ija wogula amasankha yekha zoikamo: mipando, denga, malimu a matayala, mtundu wa penti. Kabukuko anabwera nako mwaulemu chabe. Kusankha anali atasankha kale mumtima.

Mchimwene wake wamkulu, amene chimwalirireni bambo awo ankadziona ngati mwini wa mitu yonse ya m'banjamo, analanda kabukuko n'kuyamba kuloza ndi kiyi.

"Denga lagalasi ili, lotseguka. Mipando yachikopa. Malimu akuluakuluwa. Mnzanga Loya wanena kuti mkazi wonga iwe safunika galimoto yooneka ngati ya sukulu ya mkaka."

"Alipira ndi a Loya?"

"Akhoza kulipira, utangosiya kuuma mutu."

Mayi awo anali phee pampando wawo wa pawindo, akusenda lalanje. Anthu ena amakalipa ndi mawu, iwo ankakalipa ndi mpeni, ndipo m'mawa umenewo makoko ankachoka ndi nyama yomwe.

Onse atatu ankadziwa kuti nkhani sinali galimoto. Nkhani inali Mphunzitsi. Nkhutukumve anakumana naye chaka chapitacho atabwera kuchipatala ndi mwana wotupa tsaya, ndipo dzino litazulidwa pamalopo panamera zina. Anali bambo wofatsa, wochedwa kuseka, koma anali ndi mlandu umodzi umene banja ili silikanaukhululuka: mkazi wake anamwalira pangozi ya pamsewu n'kumusiyira ana anayi, mtsikana wachisamba, mapasa aamuna ndi kamzime kakakazi. Ndipo chipitireni mayi ake a Nkhutukumve kunyumba kwa Mphunzitsiyo mwakachetechete sabata yapitayo, foni ya bamboyo inangoti zii.

"Amayi, munakanena chiyani kumene kuja?" anafunsa Nkhutukumve.

"Zimene mayi aliyense akananena."

"Ndiuzeni mawu ake enieni."

Mayi anaika mpeni pambale. "Ndinamuuza kuti iye sakufuna mkazi. Akufuna wantchito wolera ana, ndiye wapeza wa digiri amene sadzafuna malipiro."

Mtima wa Nkhutukumve unawawa ngati wapondedwa. Ankamudziwa munthu wake: mawu otere sakanawayankha, akanangowameza n'kukhala nawo m'mimba mpaka amudwalitse.

"Iye anati bwanji?"

"Anandipatsa madzi akumwa, n'kundiperekeza mpaka pageti. Ulemu ali nawo, pamenepo sindimunamizira. Koma ana anayi, mwana wanga. Iwe sunabalepo ndi mmodzi yemwe, ukufuna kuyambira pa wachisanu? Ukwati umayamba ndi anthu awiri, suyamba ndi msonkhano."

"Ndamva, amayi."

"Ukamati wamva ndiye kuti sunamve. Iwe," anatembenukira kwa mwana wawo wamwamuna, "pita naye. Asakandigulire minibasi."

*

Ali m'galimoto ya mchimwene wake, Nkhutukumve anatsegula foni. Mauthenga ake opita kwa Mphunzitsi anali atandandalika okha ngati zovala zoiwalika pachingwe. Onse anawerengedwa, koma palibe umene unayankhidwa. Womaliza anali atalemba dzulo lake: "Aphunzitsi, mwana wasukulu akafunsa funso amayankhidwa."

Pamwamba pake panali uthenga watsopano wa Loya, amene ankalemba m'mawa uliwonse ngati amwa mankhwala: "Sankha denga lagalasi, wokongola iwe, tizidzaona nyenyezi limodzi." Anaufufuta osaumaliza.

Analembera Mphunzitsi: "Lero ndikukaitanitsa galimoto. Pali chimene ndikufuna kukufunsani musanandipangitse kusankha ndekha." Anadikira. Chizindikiro chinaonetsa kuti bamboyo wawerenga, kenako chinaonetsa kuti akulemba. Analemba, n'kusiya, n'kuyambanso, n'kusiyiratu.

Chabwino, anatero mumtima. Mukakhala chete, ndiyankha ndine.

Chimodzi chokha ndicho chinamufewetsa pa ulendowo. Anakumbukira tsiku lina akuyenda awiriwiri m'tauni, pamene galimoto yobiriwira moderapo, ngati tsamba la mango lokhwima, inaima pamaloboti. Mphunzitsi anaduka mawu pakati, n'kuiyang'ana mpaka inakhota. Nkhutukumve sanafunse kanthu. Anangoti mumtima, kani bambo uyu nayenso amasirira zinthu, ndipo anasunga mtundu umenewo kuti tsiku lina adzamudabwitse nawo.

*

Malo ogulitsira galimotowo anali a magalasi okhaokha, pansi ponyezimira poti munthu n'kudzionerapo m'mphuno. Anawalandira mayi wina wamtali, wa suti yotuwa, n'kuwakhazika patebulo la kompyuta. Ntchito imamutsata munthu: Nkhutukumve anayamba waona mano. Anali oyera, osanjana bwino, koma kumwetulirako kunkathera pamilomo, sikunkafika m'maso.

Wogulitsayo anatenga chiphaso chake kuti alembe dzina. Anawerenga, n'kukweza mutu pang'onopang'ono.

"Kani ndinu. Anti a mano."

Dzina limenelo ankamuitana nalo anthu anayi okha padziko lapansi.

"Mumawadziwa anawo?"

"Ndinawasambitsa ali makanda. Ndine mayi wawo wamng'ono. Malemu anali akulu anga, bere limodzi."

Nkhutukumve anali atamvapo za mayi ameneyu. Ndi amene ankabwera Lamlungu lililonse kudzaluka atsikana tsitsi n'kusuntha mbale m'kabati kuti zibwerere mmene malemu ankaziikira. Ndi amenenso achibale a malemu ankamutanthauza akamanena poyera kuti ana ayenera kuleredwa ndi magazi awo, ndipo iye mwini sanamvekepo akukana. Mchimwene uja atamva kuti wogulitsayo ndi mbale wa malemu anakhala bwino pampando, nkhope ili ngwee ngati watola kanthu panjira.

"Tiyambe," anatero wogulitsa, akutembenuza kompyuta kuti onse aone. "Ndikuuzirenitu kuti tikatumiza kufakitale, palibenso kusintha. Galimoto imapangidwa mmene mwasainira. Choyamba, denga lagalasi."

"Ayi."

"Iwe," anatero mchimwene wake.

"Dzuwa ndimaliona ndikatsika, achimwene. Tipitirize."

"Mipando yachikopa?"

"Yansalu, ija yovula n'kuchapa. Mapasa amadyera paliponse."

Chala cha wogulitsa chinaima kaye pabatani chisanadine. "Masipika amphamvu, a kutsogolo ndi kumbuyo?"

"Mokhala ana anayi phokoso limakhalamo kale."

"Malimu onyezimira?"

"Wamba omwewo, bola azizungulira. M'malo mwake mundiikire maloko oti mwana asatsegule chitseko m'kati, zokolowekera kampando ka mwana wamng'ono, ndi mabaluni aja amatuluka m'mbali pangozi, mpaka kumbuyo kwenikweni. Ndiponso mzere wachitatu wa mipando."

Apa ndiye mchimwene wake anamenya tebulo ndi kiyi. "Ndinanena. Minibasi."

Wogulitsa anatsamira kumbuyo, n'kupinda manja. Mawu ake anali ofewa ngati a namwino wobwera ndi jakisoni. "Adokotala, ndikulangizeni ngati wogulitsa. Mukaika mzere wachitatu, buti imatsala yoikamo chikwama chimodzi. Mkazi woyenda yekha amafuna poika katundu."

"Katundu wanga ali ndi miyendo, amakwera yekha."

"Alamu anga akudziwa kuti mukuwagulira mipando? Ndinali konko dzulo madzulo, tinadyera limodzi. Sanakutchuleni ngakhale kamodzi."

Mawuwo anabaya penipeni, ndipo Nkhutukumve anamva kutentha m'makutu. Anali kugula mipando ya ana a mwamuna amene sanali kumuyankha foni, ndipo wina aliyense wanzeru akanadzuka n'kupempha kuti akaganize kaye. Koma iye akabayidwa sankathawa, ankayandikira.

"Posadya sanditchula, podya ndiye anditchule? Lembani."

"Ndiye mudziwenso ichi. Wachisamba uja sakwera galimoto yaing'ono chichitikireni ngozi. Anali momwemo. Amakwera basi yokha, ndiponso atatseka maso."

"Ndikudziwa. Mpando wake udikira. Mpando sutopa."

Mchimwene wake anayamba kuwerenga ndi zala, mokweza, kuti amve ndi amene ankapukuta magalasi. "Iwe, mphunzitsi wakoyo, ana anayi. Sikisi. Mipando seveni. Wotsalawo ngwa ndani? Kapena pali mwana wina amene sanakuuze?"

"Ngwa amayi. Tsiku limene adzasinthe maganizo asadzasowe pokhala. Inu muzidzatitsatira pambuyo ndi a Loya anuwo, muzidzaona nyenyezi."

Wopukuta magalasi uja anatsokomola kuti abise kuseka. Mchimwene anaimirira, mtsempha wa pachipumi uli tolotolo.

"Ukasaina zimenezi, usadzabwere kwa ine ukulira."

"Kwa inu ndinasiya kulirira ndili sitandade fayifi."

"Ubwerera wekha kunyumba."

"Ndabwera kudzagula galimoto, achimwene. Vuto limenelo likutha."

Mchimwene uja anatuluka. Anafuna kumenyetsa chitseko, koma chinali chija chotseguka ndi kutsekeka chokha, ndiye chinangotsekeka mofatsa pambuyo pake.

*

Anatsala akazi awiri ndi kompyuta pakati pawo. Wogulitsa anakhala nthawi akuyang'ana zimene analemba, kenako anatulutsa kansalu n'kupukuta m'kona mwa diso.

"Mwandigonjetsa," anatero motsitsa. "Ndimaganiza kuti ndinu wa masewera, kuti mukaona zovala za ana anayi pachingwe muthawa. Koma munthu wokana denga lagalasi pamaso pa mchimwene wake chifukwa cha ana a wina, ameneyo sakusewera. Akulu anga akanakukondani."

Nkhutukumve anali atakonzekera nkhondo, sanakonzekere misozi. Ukali wonse unasungunuka, ndipo anachita manyazi kuti anamuganizira zoipa munthu wolira mbale wake. Tinene zoona, wopambana amagontha. Akangomva kuti wagonjetsa mnzake, makutu amadzaza ndi kuombera m'manja kwake komwe.

"Sindikufuna kukulandani ana," anatero. "Mudzakhalabe mayi awo aang'ono."

"Zikomo. Chatsala chimodzi, mtundu." Pakompyuta panaoneka galimoto zofanana, yoyera, yakuda, yofiira, yasiliva, yabuluu, ndipo kumapeto kwenikweni kunali yobiriwira moderapo.

Nkhutukumve analoza yomalizayo. "Inu mumawadziwa kuposa ine. Tsiku lina anaima pamsewu akuyang'ana galimoto ya mtundu uwu mpaka inakhota. Amaukonda, eti?"

Wogulitsa anayang'ana chithunzicho, n'kuyang'ana Nkhutukumve.

"Amaukonda," anatero. "Sankhani womwewo. Musawauze, mukangowaonetsa."

Nkhutukumve anasaina. Wogulitsa anasonkhanitsa mapepala n'kunena kuti nthawi zambiri amatumiza Lolemba, kuti wogula akhale ndi mpata wogona nazo.

"Ayi, tumizani pompano ine ndikuona. Achimwene ndimawadziwa, Lolemba adzafika kuno musanatsegule, ali ndi abwana anu pafoni."

"Mwatsimikiza? Ikapita, yapita."

"Dinani."

Wogulitsa anadina, n'kumutumizira chithunzi cha galimotoyo pafoni. Nthawi imeneyi kumwetulira kwake kunafika m'maso, ndipo Nkhutukumve anaona ngati wapeza mnzake.

*

Nkhutukumve anatsika takisi pageti la Mphunzitsi dzuwa litapendeka. Anamupeza kuseri kwa nyumba akuyanika mayunifomu, zopanira zili kukamwa, malaya atanyowa pamimba. Atamuona, bamboyo anachotsa zopanirazo chimodzichimodzi ngati akugula nthawi.

"Adokotala."

"Foni yanu inagwera m'ndowamu?"

"Ili bwino."

"Ndiye zala ndi zimene zadwala?"

Mphunzitsi anafinya kabudula wa mmodzi wa mapasa kwa nthawi yaitali, madzi atatha kale. "Amayi anu ananena zoona. Ndakhala ndikuganiza. Muli ndi moyo wanu woyera bwino, ine ndikubweretsereni chiyani? Zochapa izi? Sindikufuna kuti zaka zikadzapita muzidzandiyang'ana n'kumati ndinakudyerani utsikana wanu."

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza."

"Amayi anga anasankha mwamuna wawo popanda kundifunsa, ndipo ine sindinadandaule. Uyu ndikusankha ndine. Mukapanda kundifuna, mundiuze ndi pakamwa panu, pano, mundiyang'ane m'maso. Koma musandikane ndi mawu obwereka kwa amayi anga."

Bamboyo anamuyang'ana m'maso, ndipo mawu okanawo sanatuluke.

"Ndinadziwa," anatero Nkhutukumve. "Ndiye mverani. Ndaitanitsa galimoto. Denga lagalasi ndakana, chikopa ndakana, achimwene andisiya konko wapansi. Ndaika mzere wachitatu. Mipando isanu ndi iwiri, ya nsalu yochapika, ndi pokolowekera kampando ka mzime wanu. Zapita kale kufakitale, sizisinthika. Mukandikana, ndiziyenda ndekha m'tauni muno ndi mipando isanu ndi umodzi yopanda anthu, ndipo aliyense wondifunsa ndizimuuza kuti eni ake ndi amantha."

Mphunzitsi anatembenuza ndowa n'kukhalapo. Anagwira kumaso ndi manja onyowa, mapewa akugwedezeka, ndipo Nkhutukumve sanadziwe ngati akuseka kapena akulira mpaka atakweza mutu. Zinali zonse ziwiri.

"Munthu amafunsira ndi mphete," anatero. "Inu mwafunsira ndi mipando."

"Mwavomera kapena ndikabweze?"

"Mwati sizibwezeka."

"Ndiye mwavomera."

Nkhutukumve anamugwira dzanja, lozizira ndi sopo, ndipo anadzazidwa ndi chimwemwe. Sabata yonse ya kusagona inathera pamenepo, pakati pa ndowa ndi chingwe.

"Tiyeni m'nyumba," anatero Mphunzitsi. "Ana akamve okha."

*

Mapasa sanadikire kuti nkhani ithe. Atangomva za mzere wachitatu anayamba kulimbirana, aliyense akufuna pawindo, mpaka bambo awo anawauza kuti kumbuyoko mawindo alipo awiri. Kamzime kanakwera pamiyendo ya Nkhutukumve n'kumuonetsa dzino logwedera, monga kankachitira nthawi zonse, ngati msonkho wolowera m'nyumba.

Wachisamba anatulukira kukhitchini ndi thireyi ya matambula a madzi. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, wa chipsera chaching'ono pamwamba pa nsidze, ndipo chaka chonsecho anali asanalankhulepo ndi Nkhutukumve mawu oposa moni. Anaima pakhomo akumvetsera abale ake akukangana.

"Anti," anatero mwadzidzidzi. "Wanga ndi uti?"

Mphunzitsi anayang'ana pansi kuti mwanayo asaone nkhope yake.

"Umene ungafune," anayankha Nkhutukumve. "Ndipo tsiku limene ungafune. Palibe adzakukakamize."

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'ono, n'kuyandikira. "Ikuoneka bwanji?"

Apa ndi pamene Nkhutukumve anakumbukira mphatso yake yomaliza. Anatulutsa foni monyadira, anatsegula chithunzi chija, n'kuchikweza kuti onse aone, maso ake ali pa Mphunzitsi kudikira kumwetulira.

Thireyi inagwa. Matambula anasweka, madzi anayenderera mpaka pansi pa mipando. Mtsikanayo anayang'anitsitsa foniyo, kenako anayang'ana Nkhutukumve ndi maso amene sanamuyang'anepo nawo. Anathamangira kuchipinda, ndipo kiyi analira m'chitseko.

Mapasa anali atasiya kukangana. Mphunzitsi anatenga foniyo, anaiyang'ana, n'kuiika patebulo chozondotsa.

"Mtundu uwu wasankha ndani?"

"Ndine. Tsiku lija pamaloboti munaiyang'ana mpaka inakhota. Ndinaganiza kuti mumausirira."

"Sindinkasirira. Miyendo inakana kuyenda." Analankhula motsitsa kuti ang'onoang'ono asamve. "Galimoto ya mayi awo inali yotere, mtundu womwewu. Mwana uja anakhala m'menemo atagwira dzanja la mayi ake mpaka anthu anabwera ndi zitsulo kudzadula chitseko. Zithunzi zonse za galimotoyo ndinawotcha. M'nyumba muno mulibe ngakhale kapu ya mtundu umenewu, simunaone?"

Anali asanaone. Iye amene ankaona kabowo ka dzino munthu akungoseka patali, ichi sanachione. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo iye anafunsa ndithu, koma anafunsa njuchi.

"Ndidzaipentetsa," anatero msangamsanga. "Ikangofika, isanalowe pageti pano. Yoyera, yofiira, mtundu uliwonse."

"Penti mungasinthe. Nanga zimene waona mwana uja mudzazifufuta ndi chiyani? Lero lomwe wayamba kukutsegulirani mtima. Tsopano akuganiza kuti mukufuna kukhala mayi ake mpaka galimoto yomwe."

*

Nkhutukumve anatuluka pakhonde n'kuimba foni. Inangolira kamodzi, ngati munthuyo anali nayo m'manja.

"Adokotala. Aikonda?"

"Munadziwa."

"Ndinadziwa chiyani?"

"Ndinakufunsani ngati munthu, inu n'kundinamiza mukupukuta misozi. Imitsani zimene mwatumiza."

"Yapita, munaona nokha. Ndinakuuzani kuti mugone nazo mpaka Lolemba, munakana. Ine ndine wogulitsa, ndimalemba zimene wogula wafuna." Mawu aja a namwino anali atachoka, anatsala ouma. "Mumawerenga mipando, koma anthu okhalapo simuwadziwa. Munthu wofuna kulera ana a akulu anga akanadziwa mtundu wa galimoto imene anaferamo."

"Mwavulaza mwana wa mbale wanu kuti mundipweteke ine."

Mawu amenewo anamubaya wogulitsayo. Koma mayiyo anadzilimbitsa.

"Mwanayo wandiimbira, akulira. Ndili panjira. Ndikafika ndisakupezeni."

Foni inaduka.

Atabwerera m'nyumba anapeza Mphunzitsi ali chiimire pachitseko cha chipinda, akugogoda ndi chala chimodzi. M'katimo munamveka mawu otupa ndi kulira.

"Adadi, auzeni achoke. Ndikufuna amayi aang'ono."

Mphunzitsi anatembenuka. Nkhope yake inali ya munthu wokokedwa mikono yonse iwiri.

"Mwina mupite kaye, adokotala. Lero lokha."

Nkhutukumve ankadziwa mmene lero lokha limakulira. Limasanduka sabata, sabata n'kusanduka mauthenga owerengedwa osayankhidwa. Akachoka, wobwerayo adzafotokoza nkhaniyi mmene angafunire, ndipo mwana uja adzakula akukhulupirira kuti anachita dala. Ankaopa, ndipo ankachita manyazi ngati sanachitepo chibadwire, koma anapita kukhitchini n'kubwera ndi tsache.

"Ndaswetsa matambula ndine, ndisesa ndine. Ndalakwa ndine, ndipepesa ndine, ngakhale ndipepese kwa chitseko. Mlamu wanu akafika anene pamaso panu amene anandiuza kuti mumaukonda mtunduwu."

Mphunzitsi anachita kakasi. "Anakuuzani ndi iye?"

Nkhutukumve asanayankhe, kamzime kanakoka siketi yake.

"Anti, mpando wanga ulipobe?"

"Ulipo, mwana wanga. Kwera pasofa, ungaponde galasi."

Panja panalira hutala, kawiri, mwa munthu wozolowera kutseguliridwa. Mapasa anayang'ana bambo awo, bambo awo anayang'ana Nkhutukumve. M'chipinda muja kiyi analira, chitseko chinatseguka, ndipo mtsikanayo anadutsa pakati pawo osayang'ana aliyense, kuthamangira kugeti.

Nkhutukumve anasesa galasi lomaliza, anaimika tsache pakhoma, n'kukhala pampando woyang'anizana ndi khomo.